Wi-Fi Yathu ya M'chigubu Itafa, Ndinaitsata Ngati Ngalande

Ambiri a inu amene mumadzera njira ya kwathu pobwera ku sukulu mwakhala mukundifunsa za chigubu chachikasu chija chili pamwamba pa mlongoti kuseri kwa nyumba yathu. Ena akuti ndi mng'oma wa njuchi. Wina wa Fomu 3 anafalitsa zoti ndi mankhwala otsirikira kachewere kuti akuba asakumbe. Ayi ndithu anzanga, m'menemo muli intaneti. Mwezi wa May inafa kwa masiku asanu ndi limodzi, ndipo ndinatsala pang'ono kulira. Ndalemba zimene ndinaphunzira kuti wina zikadzamugwera asadzavutike ngati ine.

Mmene tinaipangira

Mudzi wathu uli m'chigwa, chakum'mwera kwa Bembeke, pafupi ndi msewu wa M1. Boma la Dedza ndi lokwera kwambiri. Tawuni yeniyeniyo ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo Phiri la Dedza limafika pafupifupi mamita 2,200. Munthu angaganize kuti kumalo okwera chonchi netiweki ndi mbwee. Koma mafunde a foni sabowola phiri. Ukakhala kuseri kwa chitunda umakhala mumthunzi wake. Kwathu kuti uimbe foni unkayenera kukwera pachulu cha kumunda.

Achimwene anga amagwira ntchito ku Joni. Atabwera pa Khirisimasi anabweretsa marauta awiri akale. Yoyamba imalowa SIM khadi ndipo imakoka netiweki ya 4G kuchokera ku nsanja ya kampani ya foni. Imeneyo tinaiika m'chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5, titabowola timabowo pansi kuti mpweya uzilowa, n'kuikweza pa mlongoti wa bulugama. Yachiwiri ilibe polowetsa SIM. Ili m'nyumba, ndipo ntchito yake n'kulandira intaneti kudzera pa waya wochokera kumwamba kuja n'kuimwaza m'zipinda ngati Wi-Fi. Rauta ikamagwira ntchito yotereyi imatchedwa access point. Zonse ziwiri zimadya magetsi a batire la sola la 12 volts, lomwenso timayatsira mababu ndi kutchajira mafoni.

Pobwerera achimwene anandiuza kuti, "Iwe ndi amene uli pa sukulu. Zimenezi ndakusiyira iweyo." Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse madzulo ankaimba pa WhatsApp, agogo n'kumawaona nkhope. Amayinso ankauzidwa pomwepo tsiku limene ndalama za feteleza wa kudimba zitumizidwe.

Tsiku limene zinafa

Lolemba lina madzulo foni ya amayi inangosiya kulandira mauthenga. Ine osaganiza kawiri. Mnzanga wina anali atandiuza kuti makina akavuta umangotenga kamtengo ka machesi n'kubaya kabowo ka reset kumbuyo. Ndinabaya rauta ya m'nyumba. Tinyali tonse tinathima, n'kuyakanso, koma intaneti osabwera. Mawa lake kunja kutayera Wi-Fi inkaoneka bwinobwino pa foni, koma pansi pake polembedwa kuti yalumikizidwa popanda intaneti. Ndinayamba kunyoza kampani ya foni. Amayi anangoti, "Ngati zakukanika nena, batirelo tizingoyatsira mababu. Zosewera ndi ndalama ine ayi."

Chimene chinanditsegula mutu ndi kudimba. Nthawi yozizira ino timathirira kachewere ndi madzi a ngalande ochokera kumtsinje. Madzi akapanda kufika m'mizere palibe amene amayamba kugumula dimba lonse. Umanyamula khasu n'kutsata ngalande kuyambira kumtunda, phazi ndi phazi, mpaka upeze pamene yagumuka kapena pamene zinyalala zatseka. Intaneti ya pakhomo ilinso ndi ngalande yake. Imachoka ku nsanja, kufika pa rauta ya m'chigubu, kutsika ndi waya, kulowa mu rauta ya m'nyumba, kenako kudumphira m'foni. Ndipo zonsezi zatsamira pa batire. Ndinatenga kope lakale la Agriculture, n'kujambula njira yonseyi, n'kudziikira lamulo: ndizisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo ndizilemba chimene chachitika.

Choyamba: magetsi akukwana?

Aphunzitsi a Physics anandibwereka kamita koyezera magetsi atandilonjezetsa kuti sindikagwetsa. Anandifotokozera kuti batire la asidi la 12 volts likadzaza limaonetsa pafupifupi 12.6, ndipo likatsika pansi pa 12 ndiye kuti laphwa kwambiri, kupitiriza kulikama n'kulipha. Lachitatu cha m'ma 7 koloko usiku lathu linaonetsa 11.8. Mawa lake masana tinatsitsa mlongoti ndi asuweni anga, ndipo madzulo ndinayeza kumapeto kwa waya wamagetsi wopita ku chigubu uja, rauta ili choyaka. Kunkafika 10.5 yokha basi.

Zifukwa zinali ziwiri. China ndi waya. Tinagwiritsa ntchito waya wowonda wa masipika, wotalika mamita 15. Waya ukakhala wowonda ndi wautali, mphamvu ina imathera m'njira, monga madzi amene amalowa pansi m'ngalande yaitali asanafike kudimba. China ndi masamu amene sitinawerengere. Rauta iliyonse yathu imadya pafupifupi 6 watts. Ziwiri ndi 12. Mukaziyatsa maola 24, ndiye 12 kuchulukitsa ndi 24, yankho 288 watt-hours pa tsiku. Panelo yathu ya sola ndi ya 50 watts. Ngakhale dzuwa litawala mwamphamvu kwa maola asanu, singapose 250. Ndiye kuti ngakhale nthawi ya dzuwa tinkadya zambiri kuposa zimene tinkakolola, osawerengera mababu ndi mafoni. M'miyezi yoyambirira sitinaone vuto chifukwa achimwene anatizoloweza kuthimitsa pogona, koma ine ndinayamba ulesi. Kenako kunabwera nkhungu yathu ya ku Dedza ija, yoti mpaka 10 koloko m'mawa phiri osaoneka. Batire linangogonja.

Chizindikiro cha vuto la magetsi n'chosavuta kuchigwira. Zinthu zimayenda masana, n'kufa dzuwa likalowa. Rauta imathima n'kuyaka yokha, makamaka wina akayamba kuimba pa vidiyo, chifukwa pamenepo imakoka magetsi ambiri. Ndinapukuta fumbi pa panelo, tinaphatikiza mawaya awiri mbali iliyonse kuti njira ikule, ndipo ndinaika switchi. Tsopano timayatsa kuyambira 5 koloko madzulo mpaka 9 koloko, maola anayi, omwe ndi 48 watt-hours. Amene akufuna masana amayatsa n'kuthimitsanso akamaliza.

Chachiwiri: chigubu chikumva nsanja iti?

Magetsi atakhala bwino ndinapita pa gawo lotsatira. Rauta ya m'chigubu ilinso ndi Wi-Fi yakeyake. Ndinaimirira pafupi nayo ndi foni ya amayi, n'kulumikiza mwachindunji osadzera ya m'nyumba. Uku ndi kudula ngalande pakati kuti uone ngati madzi akufika mpaka pamenepo. Intaneti inabwera, kenako n'kusowa, kenako n'kubweranso.

Rauta iliyonse ili ndi tsamba lake la m'kati. Umatsegula browser pa foni n'kulemba nambala imene ili pa kapepala komata pansi pake. Zambiri zimakhala 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1. Tsambali silifuna intaneti, limachokera mu rauta momwemo. Nditalowa ndinaona zinthu ziwiri.

Choyamba ndi mphamvu ya netiweki. Timizere tija timaona pakona pa foni timangopereka chithunzi, koma m'katimo muli nambala yeniyeni, yolembedwa ndi dBm, ndipo imakhala ndi minus kutsogolo. Apa mukumbukire number line ya Fomu 1. Nambala ya -80 ndi yaikulu kuposa -110, choncho -80 ndi netiweki yabwino, pamene -110 ndi yongopumira m'mwamba. Chigubu chili pansi ndinkapeza -113. Titachikweza chinafika -98. Titasuntha mlongoti masitepe khumi kuti usabisike ndi mtengo wa mapeyala, n'kutembenuza chigubu pang'onopang'ono, chinafika -91. Masamba a mitengo, makamaka akanyowa, amameza mafunde.

Chachiwiri n'chimene anzathu a ku Lilongwe sangachiganize n'komwe. Kuno kwathu msewu wa M1 ukachoka ku Dedza kulowera ku Lizulu, malo ambiri umayenda m'malire enieni. Tsidya linalo ndi boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Kumeneko kuli makampani awo a foni, monga Movitel, Vodacom ndi Tmcel, pamene kuno ambiri tili pa TNM kapena Airtel. Mafunde sadziwa malire, safunsa pasipoti. Foni kapena rauta imene yasiyidwa kuti izisankha yokha netiweki, ya kwathu ikafooka, imayamba kusakasaka, mwina n'kugwira ya tsidya lina. Bandulo yogula ku Malawi nthawi zambiri sigwira ntchito kumeneko. Ya ife inkachita zomwezo. Palibe wolakwa apa, makinawo amangotsata kumene kukumveka mawu okwera. Mankhwala ake n'kulowa pa tsamba lija, pamene pali zosankha netiweki, kuchotsa pa automatic n'kusankha pamanja kampani ya SIM yanu, komanso kuthimitsa data roaming. Ngakhale pa foni wamba mutha kutero.

Chachitatu: waya

Lachisanu pansi pa mlongoti intaneti inali ikuyenda bwino, koma m'nyumba ayi. Ndiye kuti pogumuka panali pakati pa chigubu ndi foni. Ndinayamba ndi waya wa netiweki, uja ali ndi timitu ta pulasitiki kumapeto konse. M'kati mwake muli timawaya tisanu ndi titatu topotana tiwiritiwiri, ndipo waya wotere amatha kunyamula uthenga mpaka mamita 100, choncho kutalika sikunali nkhani. Ndinamutsata ndi zala kuyang'ana pamene makoswe atafuna. Panalibe. Kamutu ka kumwamba kanali konyowa ndi mame, ndinakapukuta n'kukaumitsa padzuwa. Pobwezeretsa ndinasiya waya atapindikira pansi asanalowe m'chigubu, kuti madzi oyenderera azidontha panja. Njira yachidule yodziwira ngati waya ali moyo n'kuyang'ana kanyali ka pamene walowa. Kakamaphethira ndiye kuti marauta awiriwo akumvana. Kathu kankaphethira. Waya analibe mlandu.

Chachinayi: mafumu awiri m'mudzi umodzi

Apa ndi pamene ndinapeza wolakwa weniweni, ndipo anali ine.

Chipangizo chilichonse cholowa pa Wi-Fi chimapatsidwa nambala yake, yotchedwa IP address. Ili ngati nambala ya mayeso imene MANEB imapatsa aliyense wolemba JCE: anthu awiri sangakhale ndi imodzi. Mu rauta muli kapologalamu kogawa manambalawa, dzina lake DHCP. Kamauzanso foni kuti khomo lotulukira kupita ku intaneti lili pati. Pa nyumba imodzi wogawa ayenera kukhala mmodzi. Achimwene pokonza anathimitsa DHCP ya rauta ya m'nyumba, n'kuipatsa nambala ina, kuti mfumu ikhale ya m'chigubu yokha.

Tsono reset imafufuta zonse zimene munthu anakonza, n'kubwezera makina mmene anachokera ku fakitale. Nditabaya kabowo kaja Lolemba, rauta ya m'nyumba inaiwala kuti ndi nyakwawa chabe. Inatenganso nambala 192.168.1.1, yomwe ya m'chigubu inali nayo kale, n'kuyambanso kugawa manambala. Foni ikalowa inkauzidwa kuti khomo ndi rauta ya m'nyumba, yomwe payokha ilibe SIM, ilibe kotulukira. N'chifukwa chake pankalembedwa kuti yalumikizidwa popanda intaneti. Paja amati atambala awiri salira m'khola limodzi.

Ndinazindikira nditalemba 192.168.1.1 ndili pabalaza, n'kutseguka tsamba lachilendo, losiyana ndi lija ndinaona pansi pa mlongoti. Ndinathamangira pachulu n'kuwatumizira achimwene uthenga. Anayankha ndi mawu ojambula, akuseka: "Wabaya reset eti? Usanamize netiweki." Kenako anandiuza ndondomeko, ndipo ndikuilemba mmene ndinachitira chifukwa mukasokoneza dongosolo mumadzitsekera panja.

Zulani kaye waya wochokera kumwamba, kuti mutsale ndi rauta ya m'nyumba yokha. Lumikizani foni ku Wi-Fi yake, n'kulowa pa tsamba lake ndi dzina ndi pasiwedi zolembedwa pa kapepala kapansi. Ikani dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi yatsopano. Sinthani nambala yake ikhale 192.168.1.2, isunge, n'kulowanso ndi nambala yatsopanoyo. Pomaliza penipeni thimitsani DHCP. Mukayamba ndi kuthimitsa DHCP, foni yanu isowa woipatsa nambala musanamalize zina. Mukatero bwezerani waya, koma mu kabowo kolembedwa LAN, osati WAN. Thimitsani zonse, muyatse ya m'chigubu kaye, idikireni mphindi ziwiri, kenako ya m'nyumba. Marauta ena atsopano ali ndi posankha polembedwa access point mode pomwe pamachita zonsezi kamodzi, koma yathu ndi nkhalamba.

Loweruka masana foni ya amayi inalira kambirimbiri, mauthenga a sabata yonse akulowa motsatizana.

Chachisanu: makoma, malata ndi ndowa

Kuchipinda kwa agogo Wi-Fi inkafika mofooka. Rauta yathu imaulutsa pa 2.4 GHz, mafunde aafupi pafupifupi masentimita 12 ndi theka. Chitsulo chimawabweza, madzi amawameza, khoma lochindikala la njerwa limawafooketsa. Ife tinali titaiika pansi pakona, kuseri kwa sutikesi yachitsulo, pambali pa ndowa ya madzi akumwa, chifukwa ndi pamene pali batire. Ndinaikhomera kashelefu pamwamba pa khomo la pakati, tinyanga take titaloza kumwamba, koma osagunda malata. Zinasintha nthawi yomweyo. Denga la malata ndi chifukwa chinanso chimene netiweki ya foni imavutira m'nyumba zathu, pomwe ukangotuluka pakhonde imabwera.

Amene ali ndi abale m'tawuni, kumene nyumba iliyonse ili ndi Wi-Fi, awauze za ma channel. Marauta oyandikana akakhala pa channel imodzi amasokonezana ngati makalasi awiri ophunzirira pansi pa mtengo umodzi. Pa 2.4 GHz osalowerana ndi 1, 6 ndi 11. Kwathu vuto limeneli kulibe, Wi-Fi ndi yathu yokha mudzi wonse.

Chachisanu ndi chimodzi: bandulo ikupita kuti?

Kukhala yokha m'mudzi kuli ndi tsoka lake. Pa tsamba la rauta ya m'chigubu pali mndandanda wa zipangizo zimene zalowapo. Pakhomo pathu mafoni ndi atatu. Pa mndandanda panali khumi ndi limodzi. Ndinakumbukira kuti ndinapatsa pasiwedi anzanga awiri okha, nditawalumbiritsa. Sinditchula maina, koma ena mukuwerenga pano mukudziwa chifukwa chimene munkakondera kukhala pa mwala wa kuseri kwa khola lathu madzulo. Mafoni ambiri masiku ano amatha kugawira ena pasiwedi ndi QR code, ndiye ukauza mmodzi wauza mudzi.

Ndinasintha pasiwedi ya marauta onse awiri. Chitetezo chisankheni cha WPA2, chomwe chimafuna zilembo zosachepera 8. Musaike dzina la mwana wa m'nyumba kapena chaka chobadwa. Musinthenso pasiwedi yolowera pa tsamba la rauta, chifukwa ya ku fakitale aliyense atha kuiganizira.

Wakuba wina ndi foni yeniyeniyo. Ikangoona Wi-Fi imayesa kuti ndi yaulere, n'kuyamba kudzikonzanso yokha, kukoka mavidiyo onse a m'magulu a WhatsApp, ndi kutumiza zithunzi kosungira. Koma Wi-Fi yathu ndi bandulo yomwe ija yogula ndi ndalama za kachewere. Pa foni ya Android, mu zosintha za Wi-Fi, mutha kuiuza kuti netiwekiyi ndi metered, kutanthauza yolipira, ndipo imachepetsa dyera. Mu WhatsApp thimitsani zoti mavidiyo azilowa okha.

Chenjezo

Osakwera mlongoti. Wathu tinaumanga moti timaugoneka pansi anthu awiri. Mvula ya ziphaliwali ikamabwera timazula mawaya onse ochokera kumwamba, chifukwa mlongoti wautali ndi waya wolowa m'nyumba ndi njira ya mphenzi. Pafupi ndi batire ikani fyuzi. Batire la 12 volts siligwira munthu ngati magetsi a ESCOM, koma mawaya ake awiri akakhudzana amatentha mpaka kuyatsa moto. Muonetsetsenso mbali ya plus ndi minus musanalumikize, ndipo muwerenge pa kapepala ngati rauta yanu ndi ya 12 volts, poti zina ndi za 9 kapena 5.

Lamulungu lija

Achimwene anaimba 6 koloko. Agogo anagwira foni ndi manja awiri ngati mbale ya ndiwo, n'kuyamba kuwadzudzula kuti aonda. Amayi anauzidwa za feteleza. Pamapeto achimwene anafunsa kuti, "Nanga injiniya wathu ali kuti?" Amayi anayankha kuti, "Ali pompano. Anaononga yekha, wakonzanso yekha." Nkhani yotenga batire sinatchulidwenso.

Ndikawerenga m'kope muja, vuto loyamba linali batire basi. Ndikanangodikira dzuwa n'kuchepetsa maola, Lachiwiri zikanayenda. Kamtengo ka machesi kaja n'kamene kanawonjezera masiku anayi. Tsopano m'kati mwa chivundikiro cha kopelo ndinalembamo manambala a marauta onse awiri, zimene zathimitsidwa ndi zimene zayatsidwa, ndipo pa kabowo ka reset ndinamatapo selotepi.

Amene kwanu kuli foni yakale, MiFi kapena rauta imene ikuvuta, mundipeze pa buleki mu Fomu 2. Mubwere mutalemba zinthu zitatu: imafa nthawi yanji, tinyali tikuyaka ndi titi, ndipo pa foni pakulembedwa chiyani. Kope ndimayenda nalo. Pasiwedi yokha musandifunse.